Chipewa cha a Overstone ndi Magitala a ku Manila

A Overstone Kachiwanda sankadutsa pa maliro. Funsani aliyense wa ku Lucan, kunja kwa mzinda wa Dublin ku Ireland, amene ankawadziwa, wakuda kaya mzungu, akuuzani zomwezo. Ngakhale womwalirayo akhale munthu woti sanamuonepo chibadwire, iwo ankalowa, kuvula chipewa, n'kukhala mpaka bokosi litatsikira m'manda.

Ndinakumana nawo koyamba m'basi yochokera m'tauni, chaka cha 2004. Ndinali nditangofika kumene kudzakhala ndi mwana wanga Daphne, amene ndi nesi, nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ku Dedza. Kumbuyo kwanga ndinamva munthu akukalipira mvula m'Chichewa. Kutembenuka, ndinaona bambo wamfupi, jekete lalikulu lofika m'maondo, kumutu chipewa cha ubweya chotupa ngati wabisamo dzungu.

Tinapatsana moni, tinafunsana kumudzi. Iwo anali a ku Ntcheu. Tisanamalize n'kufunsana za ana, basi inaima kupatsa njira galimoto yaitali yakuda, yonyamula bokosi, anthu akutsatira pambuyo wapansi. A Overstone anadzambatuka n'kuliza belu.

"Tiyeni titsike, aphunzitsi."

"Ndi m'bale wanu?"

"Sindikumudziwa."

"Nanga tikutsikiranji?"

Anandiyang'ana ngati mwana wa sukulu amene wayankha zopanda mutu. "Inu, ku Dedza mumadutsa pa maliro muli pa njinga?"

Ndinatsika. M'tchalitchi muja atavula chipewa, ndinadzidzimuka. Tsitsi linafwamphuka lonse nthawi imodzi, lambuu, lopotanapotana, lalikulu ngati chisa cha adokowe. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwawo anasuntha mpando, poti ansembe sankaonekanso.

Atamaliza kuika, tinatsatira khamulo ku hotela kumene kunali supu ndi masangweji. Mkazi wa malemu anadzatigwira chanza n'kufunsa mwaulemu kuti mwamuna wake tinkamudziwira kuti.

"Sindinkamudziwa, mayi," anatero a Overstone m'Chingerezi chawo cha kumishoni. "N'chifukwa chake ndabwera, kuti ndimudziweko asanapite."

Mayi uja analira pang'ono, kenako anawawonjezera supu.

Masiku amenewo Dublin inali pa liwiro. Paliponse makina aatali omangira nyumba ali m'mwamba, nyumba zikumera ngati bowa, aliyense akuthamanga ndi kapu ya khofi m'manja. Munthu mmodzi yekha amene anali ndi nthawi anali a Overstone, chifukwa oyembekezera mapepala a boma owalola kukhala m'dzikomo sankaloledwa kugwira ntchito. M'mawa uliwonse ankatola nyuzipepala imene wina wasiya, kudumpha za ndale, kudumpha za mpira, n'kupita kutsamba la omwalira ngati mmene ena amaonera za nyengo. Lolemba ku Lucan, Lachitatu ku Tallaght pa Luas, kasitima koyenda mumsewu. Tsiku lina anafika mpaka ku Dún Laoghaire, n'kupeza kuti malemuyo amuotcha. Anabwerako atakhumudwa kwambiri.

"Munthu yense uja, aphunzitsi, wa mapewa ake, kumulowetsa m'kabotolo ngati mchere!"

Koma chimene chinkawadandaulitsa kwambiri chinali kaliridwe ka eni dziko.

"Anthu awa amalira ngati akuba. Kampango pamphuno, fwi fwi, basi yatha. Ukati umve kubuma koti kukugwedeze m'mimba, palibe. Dzulo ine ndimayembekeza kuti mwana wamkazi wa malemu agwa pansi, iye akuuza anthu nthabwala za bambo ake, tchalitchi chonse kuseka."

"Nanga inu bwanji osawayambitsira?" ndinatero.

Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene ndinali ndisanachiganizire. M'maliro onse amene ndinapita nawo, ndinali ndisanaonepo dontho la msozi m'maso mwawo.

Nkhaniyo anandiuza okha patapita miyezi, titakhala pa benchi m'mbali mwa mtsinje wa Liffey. Anabwera kuno chaka cha 2001, atathawa nkhani zina za ndale zimene sankakonda kuzifotokoza. Kumudzi anasiya mkazi wawo Esnat ndi mwana mmodzi wamkazi, Tupochele. Mu 2003 Esnat anadwala sabata imodzi n'kumwalira. Kupita sakanatha, popeza wotuluka m'dzikomo boma lisanayankhe pempho lake saloledwa kubwereranso. Tsiku loika maliro anagula khadi la foni, analowa m'kanyumba ka foni ka pamsewu, n'kuimbira mlamu wawo amene anali kumanda. Mlamuyo anakweza foni m'mwamba kuti iwo amve. Anamva kwaya. Anamva adzukulu akulangizana za zingwe. Anamva mawu a Tupochele akuitana mayi ake.

"Misozi inali itafika apa, aphunzitsi," analoza pakhosi. "Itangotsala pang'ono. Ndiye panalowa mayi wachizungu uja wa m'foni. You have one minute remaining. Ine kuyamba kufunafuna m'matumba khadi lina. Kenako zii. Kunja kwa kanyumba kaja mnyamata wa njinga akugogoda galasi kuti ndifulumire. Misozi ija inabwerera, ndipo sinabwerenso."

Kwathu, maliro akatha, anamfedwa amameta. Tsitsi likagwa pansi ndiye kuti chisoni chaperekezedwa, amoyo abwerere ku moyo. A Overstone analumbira kuti lumo silidzakhudza mutu wawo kufikira atamulira mkazi wawo.

"Ndimete chiyani ndisanalire? Mayi uja anandipirira zaka twenty-six. Ndimunamize?"

Choncho maliro onse aja sanali a masangweji ayi, ngakhale masangwejiwo sankawakana. Ankafunafuna pamene pali kulira kokwanira kuti kukoke kwawo, monga mmene mumathirira madzi pang'ono mu mjigo wouma kuti uyambe kutulutsa.

Mapepala anabwera mu 2005, koma anali oti apite dziko lililonse kupatula kwawo. Anapeza ntchito m'khitchini ya nyumba yosamalira okalamba ku Lucan konko. Anasangalala.

"Tsopano maliro azindipeza okha," anatero.

Kumeneko n'kumene anakumana ndi Cornelio, bambo wa ku Philippines wa zaka za m'ma forty, wosamalira nkhalamba zachimuna. Ndi amene ankazisambitsa n'kuzimeta ndevu m'mawa uliwonse, ndi dzanja lofewa loti nkhalamba zinkagona akuzimeta. Naye anasiya mkazi, ana atatu ndi mayi ake ku Manila. Iye ankawatchula a Overstone kuti Kuya, mawu a kwawo otanthauza achimwene. Iwo ankamuti "mlamu", pa chifukwa chimene palibe anachidziwa. Ankayankhulana m'Chingerezi, aliyense chake, ndipo ankamvana bwino koposa mmene ankamvanirana ndi azungu.

Mkangano wawo unali umodzi. Cornelio anali ndi CD imodzi yokha imene ankaiika m'kawailesi ka m'khitchini pa nthawi yopuma, ya gulu lina la magitala la kwawo. Dzina la gululo lilime langa linakana kalekale. Anali anyamata anayi amene dziko lonse linkaimba nyimbo zawo Cornelio ali mnyamata, ndipo anayambana n'kusiyana chaka chomwe iye anakwera ndege.

"Mlamu, zimitsani. Mapoto anga akulira bwino kuposa apo."

"Kuya, nyimbo iyi ndi imene ndinafunsirira mkazi wanga."

"Ndipo anavomera? Ndi mayi wachifundo."

Cornelio nayenso ankabwezera. Tsiku lililonse ankatulutsa makina ake ometera n'kuwaliza pafupi ndi chipewa chija. "Five minutes, Kuya. Mwina tipezamo mphaka wa a matron uja anasowa." A Overstone ankagwira chipewa ndi manja awiri n'kuthawira kuseri kwa firiji. Chifukwa chake sanamuuze.

Ndiye mu 2006 kunamveka kuti anyamata anayi aja agwirizananso, ndipo akuyendera maiko amene anthu akwawo anabalalikira. Dublin inali pa mndandanda. Cornelio sanadye masiku awiri. Anapeza matikiti atatu, lake, la a Overstone, ndi langa, poti ndinali nditasanduka mchira wawo.

"Ine za magitala ayi," anatero a Overstone.

"Kuya, simudzaonanso zotere. Anthu akalira kumeneko."

A Overstone anaika mbale pansi. "Akalira?"

"Onse."

"Amuna omwe?"

"Amuna ndiye kwambiri."

"Mokweza?"

"Mokweza, Kuya."

"Aphunzitsi, mukasite jekete."

Zoimbazo zinayamba two koloko masana, Lamulungu, m'holo ina yaikulu kunja kwa tauni, chifukwa theka la anthuwo linali ndi shifiti ya usiku m'zipatala. Ena anabwera yunifomu ili m'chikwama. Ine sindinkadziwa kuti mu Ireland muli anthu a ku Philippines ochuluka chotero. Anthu amene tinkawaona ali phee m'mabasi, ogwira mikono ya nkhalamba, oyankha "yes, sister" motsitsa mawu, tsiku limenelo anali kukuwa ngati ana otuluka m'kalasi. Akuda tinalimo awiri, tonse m'masuti, ngati tasochera popita ku ukwati.

Oimba aja atatulukira, a Overstone anandikodola. "Awa ndi anyamata ajawa?" Wina anali ndi mimba, wina dazi, woimba wamkulu atavala magalasi owerengera pofuna kuona pepala limene analimata pansi. Koma atangokhudza zingwe, holo yonse inagwedezeka. Nyimbo zinayi zoyamba zinali za phokoso. Anthu ankadumpha, Cornelio ankadumpha, ine ndinatseka makutu. A Overstone anapinda manja pachifuwa.

"Mlamu watinamiza. Uku ndi kuvina, si kulira."

Kenako ng'oma zinaleka. Kunatsala gitala limodzi, likuyenda pang'onopang'ono. Woimba uja anatchula mawu atatu okha n'kuchoka pa maikolofoni, chifukwa khamu lonse linali litailanda nyimboyo. Ndipo zimene Cornelio ananena zinachitika. Azimayi anakumbatirana, azibambo akuluakulu anaphimba nkhope ndi malaya. Cornelio ankaimba misozi ikulowa m'kamwa. Sankalirira anthu anayi okalamba aja. Aliyense ankalirira amene anali naye pafupi pamene anaimva koyamba nyimboyo.

A Overstone anachita zimene munthu woleredwa bwino amachita akapeza anthu akulira. Anavula chipewa. Tsitsi linafwamphuka, ndipo amene anali kumbuyo anasendera uku ndi uku. Kenako anayamba kuyenda mumzere, akugwira munthu aliyense chanza ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono.

"Pepani. Pepani, mayi. Sorry. Zimachitika. Pepani, bambo."

Anthu ankawagwira chanza osaleka kuimba. Mlonda wina wachizungu anayamba kubwera, koma anaima pakati osadziwa kuti mlandu wake ndi wotani. Ine ndinkawatsatira pambuyo, manyazi atandigwira.

Anafika pa mayi wina wamng'ono thupi, amene pambuyo pake tinadziwa kuti ndi nesi dzina lake Eliza. Iyeyu sakanatha kupereka dzanja, chifukwa anali atakweza foni m'mwamba ndi manja onse awiri, ataima pa zala za kumapazi, kuilozetsa kumene kunali oimba. Anali ataimbira mwamuna wake ku Philippines kuti amve naye. A Overstone anaima chilili, akuyang'ana foniyo. Nyimbo ili pakati, mayi uja anatsitsa foni, anaiika kukhutu, anaiyang'ana, anaigwedeza. Khadi linali litatha.

Sindinaone mmene anagwera. Ndinangoona ali pansi, miyendo atatambasula ngati mmene amakhalira m'siwa, manja ali kumutu. Ndipo kunatuluka mawu amene sindinawamvepo kuchokera pamene ndinachoka ku Dedza.

"Mayo ine! Amake Tupo! Amake Tupo, mwapita osandiona! Anakukwirirani ine ndikufuna khadi m'thumba! Mayo, Esnat wanga ine!"

Kunali kubuma kwenikweni, kochokera pansi pa mimba, kwa zaka zitatu. Kunamveka kuposa gitala. Ndinakhala nawo pansi, suti yanga yomweyo, n'kuwagwira phewa, ndipo nanenso ndinalephera kudzigwira. Cornelio anabwera akukankha anthu, anagwada mbali inayo. Eliza anagwada kutsogolo, foni yakufayo ili m'manja. Anthu anatizinga, ena akusisita tsitsi lija, onse akuimbabe, ndipo nyimboyo anaibwereza kawiri.

Eni ake sanamve liwu n'limodzi lomwe la zimene ankalira. Iwo anangoona bambo wa ku Africa amene nyimbo ya kwawo yamugwetsa pansi. Woimba wamkulu anatiloza, ananena zina m'chinenero chawo, holo yonse inaomba m'manja. Potuluka anthu ankalimbirana kujambulitsa nawo. Wina anawaveka tisheti ya gululo pamwamba pa jekete. Mtsikana wina anafunsa kuti gululo analidziwira kuti.

"Kukhitchini," anayankha, mawu atasasa.

M'basi yobwerera ndinamufotokozera Cornelio zonse, za Esnat, za khadi, za kumeta. Potsika ku Lucan anangoti, "Mawa, Kuya. Four koloko."

Tinawameta kuseri kwa nyumba ya Daphne, pa mpando wa kukhitchini, thaulo lili m'khosi. Makina a Cornelio anatsamwa kawiri, mpaka anayamba ndi sizasi ya nsalu. Pomaliza anatenga lezala n'kupala bwinobwino monga amachitira ndi nkhalamba zake. Munatuluka kamutu kakang'ono, kowala, ka makutu aakulu, koti tonse sitinakadziwe. Mphaka sanapezeke. Munapezeka chotsekera cholembera.

Daphne anatuluka ndi tsache n'kufunsa ngati tsitsi limapita mu bini yobiriwira kapena yakuda.

"Mwana iwe," anatero a Overstone, "amenewo ndi maliro a mayi ako Esnat."

Ndinakumba kadzenje pansi pa mpanda wa maluwa, tinalikwirira pamenepo. Madzulo ake anaimbira Tupochele n'kumuuza mawu awiri okha: "Ndameta, mwanangu."

Mukuganiza kuti analeka zoyenda m'maliro? Anawonjezera. Kungoti tsopano mjigo unali utatseguka, ndipo sunkatsekeka. Ankalira pa maliro a munthu aliyense, mokweza, mpaka achibale kumatembenuka kudzifunsa ngati malemu anali ndi mbiri ina ku Africa imene sanaiulule. Ansembe a ku Lucan anawapempha mwaulemu kuti azikhala kumbuyo. Koma amasiye ambiri ankawafunafuna pambuyo pake kudzawagwira dzanja nthawi yaitali. Mayi wina anawauza kuti, "Mwandilirira mmene ndimafunira kulira ine."

CD ija anasiya kuinyoza. Nyimbo ija inawagwetsa pansi, yachisanu pa CD, ikafika, ankasiya mapoto, kuvula chipewa, chimene tsopano chinkawagwera m'maso, n'kuima mpaka ithe. Cornelio anafuna kuwamasulira mawu ake, iwo anakana.

"Ndikuidziwa kale, mlamu. Ikunena za Esnat."

A Overstone anamwalira mu November 2008, ndi matenda a mtima, atangodwala masiku anayi. Inali nthawi imene makina aja anali atayamba kuima m'mwamba, nyumba zosatha zili mbuu m'mphepete mwa misewu. Tinawaika konkuno. Ndinkaopa kuti tidzakhala anthu khumi. Tchalitchi chinadzaza mpaka panja. Kunabwera amasiye achizungu a ku Lucan, a ku Tallaght, ena a ku Dún Laoghaire, aliyense ndi kampango kake. Kunabwera manesi a ku Philippines, ena atangoweruka. Kumanda anaimba nyimbo yachisanu ija popanda gitala. Eliza anakweza foni m'mwamba kuti Tupochele amve ku Ntcheu, ndipo m'thumba la jekete lake munali makadi ena asanu okandakanda kale. Foni sinaduke mpaka dothi lomaliza.

Tsiku lotsatira Cornelio anabwera ndi makina ake. Anayang'ana dazi langa, ine ndinayang'ana makinawo. Panalibe chometa. Anangopititsa lezala kamodzi pamwamba pa khutu, tinakhala pansi n'kumwa tiyi.

Masiku ano galimoto yakuda ikadutsa ku Lucan, basi imaima pang'ono n'kupitirira. Palibe woliza belu. Ine dzanja limanyamuka lokha, koma maondo anatha, ndipo kulowa wekha pa maliro a eni kumafuna mtima umene ndilibe. Ndimangovula chipewa pawindo.

Chimene ndimakumbukira kawirikawiri si holo ija, komanso si manda. Ndi Loweruka lina la mu July, miyezi inayi asanatisiye. Mayi ake a Cornelio anamwalira ku Manila, ndipo iye sakanatha kupita, poti pasipoti yake inali ku ofesi kudikira chidindo. Anamvera maliro pa foni, m'kachipinda kake ka lendi. A Overstone anakhala pambali pake tsiku lonse, akumulirira mokweza mpaka woyandikana naye anagogoda khoma. Patapita masiku atatu anandiitana kuti tipitenso. Anatulutsa mpando, thaulo ndi lezala.

"Khalani apa, mlamu."

Cornelio anaseka koyamba sabata imeneyo. "Kuya, kwathu sitimeta."

"Simumeta? Nanga chisoni chimachoka bwanji?"

"Sichichoka. Timangokhala nacho."

A Overstone anaganiza kanthawi, lezala lili m'manja. Kenako anavula chipewa, anadziika thaulo m'khosi, n'kukhala pa mpandopo okha. Kumutu kunali katsitsi koyera kochepa, kosakwana n'chikhatho chomwe. Anapereka lezala kwa Cornelio.

"Ndiye metani ine. Mayi amenewo asapite opanda wowametera."